Moto Wachiwiri Pansi pa Boneti

Nkhani yophunzitsa kwa amakaniko ndi ophunzira za magalimoto



M'mayiko ozizira muli dandaulo lina limene makaniko wa ku Lilongwe akhoza kutha chaka chathunthu osalimva. Mwini galimoto amafika pagalaja n'kunena kuti injini yake sikutentha. Wayenda mphindi 20 m'tauni, muvi wa geji sunasunthe, ana kumbuyo akunjenjemera, galasi lakutsogolo lachita nkhungu. Makaniko akafufuza amapeza kuti palibe chimene chawonongeka. Injiniyo ndi yabwino, ndipo vutolo labwera chifukwa cha ubwino womwewo: imamwa mafuta mosamala kwambiri moti kutentha kotsalira n'kochepa.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, opanga magalimoto amaikamo chipangizo china chotenthetsera, hita yothandizira. Eni magalimoto amatsutsana kwambiri za hita imeneyi. Ena amati imafulumizitsa injini kutentha, ena amati imangosangalatsa okwera, injini n'kumavutika yokha. Mbali zonse ziwiri zimanena zoona, kungoti zimanena za zipangizo zosiyana zokhala ndi dzina limodzi. Chothetsa mkanganowo ndi funso lakuti kutentha kwa hitayo kumalowera kuti: m'madzi a injini kapena mumpweya wa okwera.

Injini ndi okwera amagawana kutentha kumodzi

Lita imodzi ya dizilo imakhala ndi mphamvu yokwana pafupifupi mayunitsi 10, mayunitsi omwe aja anthu amagulira mita ya magetsi. Yuniti imodzi ndi kilowati imodzi itagwira ntchito kwa ola lathunthu. Pa mphamvu yonseyi, injini ya petulo imapereka ku matayala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe ya dizilo yamakono ikapatsidwa ntchito yoiyenera imatha kupitirira magawo 40 pa 100 alionse. Zotsalazo zimasanduka kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumalowa m'zitsulo za injini ndi m'madzi ozungulira m'kati mwake.

Hita wamba ya m'galimoto ilibe moto wakewake. Kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono kamene madzi a injini amadutsamo. Fani imakankha mpweya kudutsa pa karediyetako, mpweyawo n'kutenga kutentha kwa madzi n'kukatulukira kumapazi ndi kugalasi. Choncho kufunda kulikonse kumene okwera akumva kwachotsedwa ku injini. Injini ikakhala itatentha kale palibe mlandu, chifukwa kutenthako kukanatayidwa ndithu pa rediyeta yakutsogolo. Koma m'mphindi zoyambirira, injini isanafike pa madigiri 90 pamene imagwira bwino ntchito, okwera ndi injini amalimbirana chinthu chimodzi. Zili ngati mphika wa madzi osamba pamoto wa nkhuni ziwiri, wina n'kumatungamo ofunda n'kumathiramo ozizira: madziwo sawira.

Masamu ongoyerekezera akhoza kusonyeza kukula kwa nkhaniyi. Injini ya dizilo ya malita 2, yolemera makilogalamu 150, yokhala ndi malita 7 a madzi ndi malita 5 a oyilo, ikagona panja pa madigiri 10 pansi pa ziro, imafuna kutentha kwa mayunitsi pafupifupi 3 kuti yonse ifike pa madigiri 90. Ikamalira galimoto ili chiimire imamwa dizilo wosakwana lita imodzi pa ola, ndipo kutentha kotsalira m'zitsulo ndi m'madzi kumangokwana makilowati 2 kapena 3. Ndiye kuti ola lathunthu likhoza kutha isanatenthe, ngakhale hita ya okwera itazimitsidwa. Dalaivala akatsegula fani mpaka kumapeto, karediyeta kaja kamatha kutenga makilowati onsewo. Muvi wa geji umaima pomwepo, ndipo pa maroboti umatha kubwerera m'mbuyo.

Injini ya dizilo ili ndi vuto linanso limene ya petulo ilibe. Ya petulo ikakhala yopanda ntchito imatsekereza mpweya wolowa, pomwe ya dizilo imakoka mpweya wambiri n'kungochepetsa mafuta. Mpweya wozizira wonsewo umadutsa m'masilinda n'kunyamula kutentha kupita nako kunja.

Zimene kuzizira kumachita m'kati mwa injini

Nkhani ikanakhala ya zala za dalaivala zokha, magolovesi akanakwanira. Koma injini nayo imapwetekeka. Oyilo akazizira amalimba, ndipo amachedwa kufika kumtunda kwa injini kumene zitsulo zayamba kale kukhulana. Manambala olembedwa pa chigubu amanena za zimenezi. Oyilo wa 0W amayesedwa ngati angalole injini kutembenuka pa madigiri 35 pansi pa ziro, wa 5W pa madigiri 30, wa 15W pa madigiri 20, ndipo wa 20W pa madigiri 15 pansi pa ziro. Oyilo wa 20W-50, amene amapezeka m'mashopu ambiri kuno, akhoza kukaniza injini kulira m'mawa wa Januwale ku Finland.

Mafuta nawo sayaka bwino m'silinda yozizira. Ena amamatirira m'makoma ake, n'kutsuka oyilo woteteza mphete za pisitoni, kenaka n'kutsikira m'munsi kukasakanikirana ndi oyilo. Kompyuta imawonjezera mafuta kuti injini isazime, ndipo n'chifukwa chake makilomita oyambirira amadya mafuta ambiri kuposa otsatirawo. Komanso lita iliyonse ya mafuta ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi, ali nthunzi. Mu injini yotentha nthunziyo imatuluka ndi utsi. Mu injini yozizira ina imasanduka madzi m'kati momwemo, ndipo galimoto yoyenda maulendo afupiafupi nyengo yonse yachisanu imayamba kukhala ndi zoterera zoyererako kunsi kwa chotsekera oyilo.

Mmene hita yothandizira inabwerera

Hita yowotcha mafuta payokha si yachilendo. Ku America kampani ya Stewart-Warner inkagulitsa ya petulo yotchedwa South Wind kuyambira m'ma 1930. Volkswagen Beetle ndi basi yake yaing'ono, zimene injini zake zinkaziziritsidwa ndi mpweya, zinalibe madzi otentha oti n'kugawira okwera, ndipo ogula a m'mayiko ozizira ankatha kuitanitsa hita ya petulo ya Eberspächer. Kampaniyi anaiyambitsa ndi Jakob Eberspächer mu 1865 ku Esslingen, m'dziko la Germany. Inzake yopikisana nayo, Webasto, anaiyambitsa ndi Wilhelm Baier mu 1901, ndipo inakhazikika ku Stockdorf pafupi ndi Munich. Mahita akale a mu Beetle aja ankatenthetsa mpweya wokha, injini osaikhudza.

Zinthu zinasintha atafika mainjini a dizilo opopera mafuta mwachindunji m'silinda. Audi 100 TDI inatuluka mu 1989, ndipo mu 1997 Alfa Romeo 156 inabwera ndi njira ya common rail. Mainjiniwa ankasunga mafuta mochititsa chidwi, koma eni ake anayamba kudandaula za kuzizira. Vutoli linaonekera kwambiri m'magalimoto a mabanja akuluakulu monga Volkswagen Sharan, Ford Galaxy ndi Seat Alhambra, amene onse ankapangidwa pa fakitale imodzi ku Palmela, ku Portugal. M'kati munali mipando 7 ndi malo aakulu ofunika kufunditsa, koma injini yake inali ya malita 1.9. Opanga anaikamo hita yowotcha dizilo, ndipo zomwezo zinachitika m'magalimoto monga BMW 530d, Rover 75, Land Rover Discovery 3 ndi Range Rover.

Lero mahita othandizira alipo a mitundu ikuluikulu inayi, ndipo uliwonse umaikhudza injini mosiyana.

Mtundu woyamba: moto wotenthetsa madzi

Kachipangizoka kamalemera makilogalamu pafupifupi 3, ndipo kamabisika kuseri kwa bampala, pafupi ndi tayala lakutsogolo kapena kunsi kwa galimoto. Kali ndi paipi yakeyake ya mafuta yochokera ku thanki, ndi kaekizozi kakekake. Kompyuta imakayatsa yokha ikaona zinthu ziwiri: kunja kwazizira, m'magalimoto ambiri kufika pa madigiri 5 kapena kutsika, komanso madzi a injini sanatenthe.

Choyamba kumveka ndi kafani kakuzungulira chapansipansi. M'kati, kapulagi kakang'ono kamafiira kuti psuu. Kenaka kapampu ka mafuta kamene kali pafupi ndi thanki kamayamba kugunda kuti tiki, tiki, tiki, ndipo kugunda kulikonse kumatumiza kadontho ka dizilo pa kansalu kachitsulo kotentha. Dizilo amasanduka nthunzi n'kuyaka. Kugundako kumanka kufulumira, kulira kwa fani kumakwera, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu lawi limakhala litakhazikika. Madzi a injini amazungulira kunja kwa kachipinda ka motoko n'kutenga kutentha. Akayandikira madigiri 80 moto umachepetsedwa kenaka n'kuzimitsidwa, fani n'kutsala ikuzungulirabe kwa kanthawi kuti iziziritse zitsulo.

Munthu wochokera kuno amene wagula Discovery 3 kapena Galaxy yakale ku Manchester kapena ku Glasgow akhoza kudzidzimuka m'mawa woyamba wachisanu, ataona utsi woyera ukutuluka kunsi kwa galimoto, kutali ndi ekizozi yeniyeni. Nthawi zambiri sikuti galimoto ikupsa. Imakhala hita ija ikuyaka itagona miyezi yonse yotentha.

Mahita odziwika a mtundu umenewu, Webasto Thermo Top ndi Eberspächer Hydronic, amatulutsa makilowati pafupifupi 5 ndipo amamwa malita 0.6 a dizilo pa ola akakhala pa mphamvu yonse. Makilowati 5 amenewa akawonjezeredwa pa 2 kapena 3 a injini yolira chiimire, kutentha kolowa m'madzi kumachuluka pafupifupi katatu, ndipo ntchito ya ola limodzi ndi kanthu imatha mkati mwa theka la ola. Pamsewu waukulu kusiyanako kumachepa. Injini yothamanga imamwa malita 5 kapena kuposa pa ola ndipo imadzipangira yokha makilowati oposa 10 a kutentha, choncho hita imangodulako mphindi zochepa. Phindu lake lalikulu lili m'tauni, pamzere wa magalimoto ndi pa maulendo afupi, kumene injini ya dizilo payokha singatenthe n'komwe.

Kachipangizo komweka kakapatsidwa pampu yakeyake ya madzi ndi wotchi kapena rimoti, kamatha kuyaka injini isanalizidwe. Mwini galimoto amakayatsa mphindi 20 kapena 30 asanatuluke m'nyumba, n'kukapeza galasi lasungunuka ndipo injini ili yofunda. Apa ndi pamene hita imaithandiza kwambiri injini, chifukwa mphindi zoipitsitsa zija, za zitsulo zozizira ndi mafuta osayaka bwino, imakhala yazidumpha.

Koma mapaipi ndiwo amagamula. M'magalimoto ena madzi amachoka ku hita, n'kudutsa pa karediyeta ka okwera, n'kukalowa mu injini, ndipo zonse zimafunda limodzi pang'onopang'ono. Mwa ena muli valavu imene imatsekera madzi otentha kumbali ya okwera yokha, n'kuwalola kupita ku injini pambuyo pake kapena osawalola n'komwe. M'galimoto yotere munthu amakhala pampando wofunda, koma akatembenuza kiyi amaliza injini yozizira ngati kuti hita kulibe. Makaniko wofuna kudziwa angogwira paipi yolowa mu injini hita itayaka kwa mphindi 15.

Mtundu wachiwiri: magetsi otenthetsa mpweya

Hita yowotcha mafuta ndi yodula, ndipo ili ndi zambiri zoti n'kuwonongeka. N'chifukwa chake magalimoto ang'onoang'ono ambiri a dizilo anasamukira ku hita yamagetsi yotchedwa PTC. Imeneyi ndi timiyala topangidwa kufakitale, timene tikamatentha timayamba kukana magetsi tokha, motero sitingapse. Timaikidwa m'njira ya mpweya, pamene mpweyawo umafika ukangodutsa pa karediyeta kaja, ndipo mphamvu yake nthawi zambiri imakhala kilowati imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mpweya wofunda umayamba kutuluka pasanathe mphindi imodzi.

Kutentha kumeneku sikulowa m'madzi a injini ngakhale pang'ono. Amene amati hita yothandizira imangosangalatsa okwera amanena za imeneyi. Komabe injini imapindulako mozungulira. Kilowati imodzi pa mavoti 14 imafuna maampu oposa 70, ndipo alternator kuti ipereke magetsi amenewo imalemeretsa injini ndi mphamvu yoyandikira makilowati 2. Injini yolemedwa imamwa mafuta owonjezera, ndipo gawo lina la mafutawo limasanduka kutentha m'madzi. Thandizolo lilipo, koma ndi laling'ono poyerekeza ndi la moto weniweni.

Volkswagen inayesako njira yapakati m'mainjini ena a TDI: mapulagi atatu amagetsi olowetsedwa m'paipi ya madzi. Makaniko akawaona asawasokoneze ndi mahita pulagi a m'masilinda. A m'masilinda ntchito yawo ndi kuthandiza dizilo kuyaka poliza injini, pomwe atatuwa amatenthetsa madzi.

Mtundu wachitatu: kulemeretsa injini dala

M'magalimoto ena a dizilo a Toyota opangidwira madera ozizira, monga Land Cruiser Prado ndi Hilux, muli batani lolembedwa kuti PWR HEAT. Mwa ambiri a iwo batanili limalumikiza kachipangizo koyendetsedwa ndi lamba wa injini. M'kati mwake muli chimbale chozungulira mu oyilo wolimba kwambiri wa silikoni. Chimbalecho chikamavutika kuzungulira, oyiloyo amatentha, ndipo madzi a injini odutsa m'mbali mwake amatenga kutenthako. Injini imapindula pawiri: kutentha kwa kachipangizoko kumalowa m'madzi, ndipo kulemedwa kwake kumaiwotchetsa mafuta ambiri. Nissan m'magalimoto ena, monga Navara ndi Patrol, inaika batani lolembedwa kuti HEAT, limene limangokweza kulira kwa injini galimoto ili chiimire.

Mtundu wachinayi: chingwe cha pakhoma

Andrew Freeman, katswiri wa zamagetsi wa ku North Dakota ku America, anapanga bawuti ya injini yokhala ndi waya wotenthetsa m'kati, ndipo analandira chiphaso cha umwini wa luso lakelo mu 1949. Zidzukulu za bawuti imeneyo zili ponseponse ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, kumene makampani monga DEFA ya ku Norway ndi Calix ya ku Sweden amazipanga.

Pamalo oimika magalimoto a nyumba zosanja za ku Finland, kutsogolo kwa malo a galimoto kumakhala kamtengo kachitsulo kokhala ndi kabokosi kokhoma. M'kabokosimo muli soketi ndi wotchi. Madzulo munthu amalumikiza chingwe kuchokera pa soketi kupita pa bampala, n'kutchera nthawi imene anyamuke m'mawa. Magetsi amayaka maola awiri nthawiyo isanakwane. Mphamvu yake ndi yochepa, nthawi zambiri siifika kilowati imodzi, koma yonse imalowa mu injini, ndipo batire la galimoto silikhudzidwa. Kafukufuku wa ku University of Saskatchewan ku Canada anasonyeza kuti pakadutsa maola anayi injini siwonjezeranso kutentha kwenikweni, choncho kusiya chingwe chikuyaka usiku wonse n'kungotaya magetsi. Ku Finland, dziko limene kuzizira kunafikapo pa madigiri 51.5 pansi pa ziro, monga zinachitikira ku Kittilä mu Januwale 1999, chingwechi nthawi zina ndicho chimagamula ngati galimoto ilire kapena ayi.

Kumene hita sifikako

Hita yotenthetsa madzi imafunditsa mutu wa injini ndi makoma a masilinda. Oyilo amakhala m'munsi, m'beseni lake lachitsulo lopyapyala lomwe mphepo imaliwomba, ndipo injini ikakhala yosalira kutentha sikutsikira kumeneko. Giyabokosi, difu ndi mabelingi a matayala nazo zimakhala zozizira monga zinagonera. N'chifukwa chake ku Scandinavia amagulitsanso zotenthetsera zomata pa beseni la oyilo.

Geji ya pa dashibodi imasokonezanso anthu. Imayeza madzi, ndipo oyilo amatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo. M'magalimoto ambiri amakono muvi unapangidwa kuti uziima pakati ngakhale madzi atasiyana ndi madigiri 90 pang'ono, kuti dalaivala asamade nkhawa. Hita yothandizira ikafulumizitsa madzi, muvi umafika pakati msanga, dalaivala n'kuganiza kuti akhoza kuponda mafuta mpaka pansi, pamene oyilo akadali wolimba. Makilomita oyambirira amafunabe phazi lopepuka.

Ngakhale kompyuta imatha kunyengeka. Ikaona madzi ofunda pamene mpweya wolowa ndi wozizira kwambiri, imatha kuchepetsa mafuta olizira injini kapena kuyatsa nyali yochenjeza poganiza kuti sensa yafa. General Motors inafika poika kachipangizo m'zingwe za mahita ake ena koletsa magetsi kudutsa pokhapokha kunja kutazizira kufika pa madigiri 18 pansi pa ziro.

Zosefera utsi nazo zimatenthetsedwa ndi utsi, osati madzi. Catalytic converter imayamba kugwira ntchito pa madigiri 250 mpaka 300, ndipo sefa ya mwaye ya magalimoto a dizilo imafuna madigiri pafupifupi 600 kuti iwotche mwaye umene yasonkhanitsa. Hita sifikitsa chilichonse pamenepo. Kumene imathandiza n'kwakuti kompyuta siyamba kuwotcha mwaye injini isanatenthe, choncho injini yotentha msanga imapeza mpata woyeretsa sefa yake ulendo usanathe.

Dizilo wa m'thanki ndi nkhani inanso. Akazizira kwambiri amachita phula limene limatseka fyuluta. Ku Germany, kuyambira pa 16 Novembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, malo omwetsera mafuta amagulitsa dizilo wodutsa m'fyuluta mpaka pa madigiri 20 pansi pa ziro. Hita yowotcha dizilo imamwa m'thanki yomweyo, ndipo kapaipi kake kakang'ono kamatsekeka msanga.

Mtengo wake ndi malamulo

Hita yoyaka kwa theka la ola imamwa pafupifupi malita 0.3. Ena mwa mafutawo amabwerera chifukwa injini yofunda imamwa pang'ono poyamba ulendo, koma sabwerera onse, makamaka ngati kutentha kwambiri kunapita kwa okwera. Wogula asayembekezere kusunga ndalama za mafuta. Chimene akugula ndi galasi looneka bwino, injini yolira mosavuta ndi zitsulo zosatha msanga.

Batire ndilo limalipira kwambiri. Pampu ya madzi, fani ya hita ndi fani ya okwera zonse zimakoka magetsi injini isanalire, pa nthawi imene kuzizira kwalifooketsa kale batirelo. Opanga mahita amalangiza kuti munthu aziyenda nthawi yosachepera imene hita yayaka. Woiyatsa mphindi 30 n'kuyenda mphindi 10 zokha tsiku ndi tsiku, tsiku lina adzapeza m'galimoto muli mofunda koma sitata ikungoti kete.

Malamulo nawo amakankhira anthu ku hita. Ku Germany ndime 30 ya malamulo a pamsewu imaletsa kuliza injini popanda chifukwa. Ku Britain lamulo 123 la Highway Code limanena zofanana. Ku Finland galimoto yoima siyenera kulira kupitirira mphindi 2, kapena mphindi 4 musananyamuke ngati kunja kwazizira kuposa madigiri 15 pansi pa ziro. Chizolowezi choliza injini n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi chikhoza kumupezetsa munthu chindapusa kumeneko.

Hita yowotcha mafuta imatulutsa utsi wokhala ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Siyenera kuyatsidwa m'galaja yotseka, ndipo iyenera kuzimitsidwa pomwetsa mafuta.

Zimene zimafika m'magalaja a kuno

Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan ndi ku Britain amabwera ndi zipangizo zimenezi zili momwemo. Kuno kompyuta siipeza kawirikawiri chifukwa choziyatsira, kupatula mwina m'mawa wa Juni kapena Julayi ku Nyika, kapena pa ulendo wa ku Johannesburg kumene nyengo yachisanu imafika pa ziro. Hita yowotcha mafuta ikagona zaka, dizilo amauma m'kapaipi ndipo fani imagwira. Opanga ake amalangiza kuiyatsa kwa mphindi pafupifupi 10 mwezi uliwonse, ngakhale m'chilimwe. Wofuna kuichotsa akumbukire kuti madzi a injini amadutsa m'kati mwake, ndiye mapaipi ayenera kulumikizidwa bwino ndipo paipi ya mafuta itsekedwe.

M'malole akuluakulu ochokera ku Ulaya mumapezeka hita ina kuseri kwa mpando kapena kunsi kwa bedi la dalaivala, monga Webasto Air Top 2000 kapena Eberspächer Airtronic D2, ya makilowati pafupifupi 2. Imeneyi imawotcha dizilo koma imatenthetsa mpweya wokha. Dalaivala wogona pachipata cha dziko amafunda usiku wonse popanda kuliza injini, koma injiniyo m'mawa imakhala yozizira.

Palinso chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lotentha siliifuna. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku rediyeta yakutsogolo injini isanafike pa madigiri 80 ndi kanthu. Kakachotsedwa, rediyeta imataya kutentha kuyambira sekondi yoyamba, ndipo mphamvu yake yotaya ndi yaikulu kangapo kuposa makilowati 5 a hita iliyonse yothandizira. Injini yotere imayenda yozizira ulendo wonse wotsika ku Dedza, ikumwa mafuta owonjezera ndi kuipitsa oyilo.

Magalimoto a haibulidi ndi amagetsi

Galimoto ya haibulidi imazimitsa injini pafupipafupi, motero imavutika kwambiri kusunga kutentha. Toyota Prius yogulitsidwa ku America kuyambira mu 2004 inali ndi kathanki kosunga kutentha ka malita pafupifupi 3. Injini ikazimitsidwa, pampu inkasungamo madzi otentha, ndipo polizanso inkawabwezera m'mutu wa injini. Prius yotsatira inayamba kudutsitsa madzi pafupi ndi ekizozi kuti atengeko kutentha kwa utsi kumene kukanangotayika.

M'galimoto yamagetsi mulibiretu kutentha kotsalira kokwanira kufunditsa anthu, ndiye hita imene inali yothandizira yasanduka hita yeniyeni. PTC yake imatha kukoka makilowati 5 kapena kuposa kuchokera ku batire lomwe likuyendetsa galimoto, ndipo mtunda umene galimoto ingayende umachepa. Nissan Leaf ya 2013 ndi Tesla Model Y ya 2020 zinabwera ndi makina okoka kutentha kuchokera mumpweya wakunja, amene amagwira ntchito mofanana ndi makina a firiji, kungoti mbali yotentha ili m'kati. Ku Norway, mu 2024 pafupifupi magalimoto 9 mwa 10 alionse atsopano anali amagetsi. Mabasi ena amagetsi a m'mizinda yozizira amanyamulabe kathanki ka dizilo ka hita yokha.

Chofunika kufunditsidwa m'galimoto zimenezi ndi batire. Batire la lithium likazizira limapereka mphamvu yochepa, ndipo kulitchaja mwachangu lili pansi pa ziro kumaliwononga. Webasto ndi Eberspächer tsopano amapanga mahita amagetsi a mavoti 400 ndi 800 otenthetsa madzi ozungulira batire ndi opita kwa okwera, ndipo kompyuta ndi imene imagawa kutenthako pakati pa ziwirizi. Ophunzira a masiku ano adzakumana ndi mapaipi amenewo, ndipo asanawagwire adzafunika maphunziro apadera a magetsi amphamvu, chifukwa zingwe zake zamtundu wa lalanje zimanyamula magetsi okwanira kupha munthu.